Msewu Umene Ankandipatsiranapo

Amene anandilola kupita ku Mangalande ndi amuna anga, a Mbewe. Ndikuyamba ndi mfundo imeneyi chifukwa alipo ena lero amene amayankhula ngati ndinachoka mozemba. Chinali chaka chija mafuta ankasowa, magalimoto akugona pamzere pamalo omwetsera. Mwana wathu wamkazi Tadala, namwino ku Bolton, anali woyembekezera kachiwiri. Mlongo wake wamkulu, mwana wathu wamwamuna Yamikani, amene anapita ku Leeds kukaphunzira n'kupezako ntchito ya muofesi, anali ndi mapasa ongoyamba kuyenda. Onse awiri ankalira chinthu chimodzi, chakuti kumeneko wolera ana amadya theka la malipiro a munthu. A Mbewe anamvetsera zonsezi ali pamakina awo osokera, pakhonde pathu kufupi ndi Mponela. Atamaliza mpendero wa buluku limene ankasoka, anadula ulusi ndi mano n'kunena kuti, "Pitani, Anabanda. Theka la chaka si kanthu. Manja ndili nawo, ndiziphika ndekha."

Ukwati wathu unali wa chikamwini. Kwawo kwa a Mbewe ndi ku Linthipe, m'boma la Dedza, koma anabwera ali mnyamata kudzamanga pamalo a amayi anga, ndipo anakhalapo zaka zoposa makumi anayi. Nyumba ya malata, chitsime, mitengo ya mango yozungulira bwalo, zonsezo ndi manja awo. Anthu ankatchula pakhomopo kuti pa a Mbewe, moti ine ndinali nditaiwala kuti mudziwo si wawo. Ndisananyamuke ndinakatsanzika kwa alongo anga a Sandalamu, amene ngakhale ndi aang'ono kwa ine ndiwo mwini mbumba yathu. Ndinagwada monga mwa ulemu, iwo n'kunena kuti, "Pitani bwino, alongo. Alamu musawadere nkhawa, ali m'manja mwathu."

Yamikani anadzandichingamira ku London ndi galimoto. Msewu umene tinalowa anati ndiwo msana wa dzikolo, ndipo dzina lake ndi M1 monga wathu uja wodutsa pa Mponela, koma kufanana kwake n'kwa dzina lokha. Umayambira kumpoto kwa London, n'kukwera kudzera ku Luton, ku Leicester, ku Nottingham ndi ku Sheffield mpaka ku Leeds. Mizinda yonseyi ndinaidziwa pazikwangwani zabuluu basi, chifukwa msewuwo suilowa, umangoilambalala. Ulendo wonse sindinaone munthu woyenda pansi ngakhale mmodzi. Panalibe mayi wogulitsa tomato, panalibe njinga ya makala, panalibe mbuzi. Ndinafunsa kuti, "Nanga munthu akatopa ndi amene wamunyamula, amatsikira pati?" Yamikani anaseka nati, "Muno satsika, amayi. Mukalowa mwalowa."

Mkangano wa ana anga unayamba ndisanamasule n'komwe chikwama. Tikiti ya ndege anagula Tadala, kalata yondiitanira analemba Yamikani, ndiye aliyense anaona kuti ndine wake. Ndinawamva pafoni, ine ndili m'chipinda choyandikana. Tadala ankati, "Achimwene, ana anuwo ali ndi agogo awo akuchikazi ku Zomba. Mbumba ya amayi ndi ana anga. Kapena mwambo munausiya pa eyapoti?" Yamikani ankati, "Mwambowo ukulipirire lendi. Dzina limene lili ku imigireshoni ndi langa, osati lako." Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuyankhulana. Anangogwirizana kudzera m'mauthenga olemba kuti ndizikhala masabata awiri uku, masabata awiri uko.

Umu ndi mmene ndinaudziwira msewu wachiwiri, M62, umene umadula dzikolo chopingasa. Ukachoka ku Leeds umadutsa mphambano ya ku Bradford, n'kukwera mapiri opanda mtengo, a udzu wofiirira ndi nkhosa zonyowa, kenako n'kutsikira ku Manchester, kumene umapatukira ku Bolton. Ukangopitirira mphambano ya ku Bradford pali malo opumira apaulendo, omwetsera mafuta ndi ogulitsa tiyi, amene ana anga ankangoti pa sevisi. Malowo ali mbali zonse ziwiri za msewu, ndipo amalumikizidwa ndi mlatho wa anthu oyenda pansi wodutsa pamwamba pa magalimoto. Yamikani ankaimika galimoto mbali yake, Tadala mbali yake. Mmodzi ankanditsitsa, kunditulutsira chikwama mu buti, n'kunena kuti, "Wafika kale, ali kutsidyako." Ine ndinkakwera masitepe ndekha, chikwama kudzanja, mphepo ikundikoka chitenje pansi pa chikhoti, malole akubangula pansi panga, n'kukatsikira kwa mwana winayo. Mwanjira imeneyi sankafunika kuonana nkhope. Tadala ankadandaula ulendo uliwonse kuti iye ndiye amayenda mtunda wautali, ndipo madandaulo amenewa ankawatula kwa ine.

Mbiri ya misewu imeneyi ndinaimva kwa nkhalamba ina yoyandikana ndi Yamikani, a Martin, amene ankakonda kukhala pakakhoma ka kutsogolo kwa nyumba yawo akusuta. Chingerezi changa cha kusekondale chinakwanira kuti tizimvana. Kwawo kunali ku Ireland, ndipo anawoloka nyanja ali mnyamata kudzakumba misewu. Anati wa ku London uja anaumanga chigawochigawo kulowera kumpoto mpaka unafika ku Leeds, kenako anayamba wopingasawu, woti uchoke ku Liverpool, kunyanja ya kumadzulo, ukafike cha ku Hull, kunyanja ya kum'mawa. Pamapiri paja, anati, matope akuda ankameza makina, nkhungu inkabisa fosholo ili m'manja mwako. Anang'amba phiri, miyala yake n'kutsekera chigwa, moti pamalo ena msewuwo umayenda pamwamba pa khoma la damu. Pamwamba pomwepo msewu umagawikana n'kusiya nyumba ya mlimi pakati. Anthu amati mwini wake anakana kusamuka, koma a Martin ankati limenelo ndi bodza lokoma, chinawakakamiza kupatuka ndi nthaka. "Palibe amene amakana msewu, mayi," anatero.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanabwererere kwawo. Anati, "Ndinkati ndipita msewu ukatha." Ndinati, "Nanga si unatha?" Anati, "Unayamba wina." Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti ine ndinangobwera kwa theka la chaka.

Ntchito yanga m'nyumba zonse ziwiri inali imodzi: kudzuka anthu onse asanadzuke, kusambitsa, kudyetsa, kuchapa, kupita ndi ana kusukulu, kukawatenga. Malipiro panalibe, ndipo sindinawayembekezere, chifukwa munthu salipidwa polera zidzukulu. Ndalama ankatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi. Chimene chinandiwawa n'chakuti nthawi ina Tadala anayamba kumandisiya kwa mnzake wa kuntchito Loweruka, ndipo ndinaona ndi maso anga mnzakeyo akumupatsira ndalama pakhomo. Zidzukulu zinkandimva ndikamayankhula, koma zinkayankha m'Chingerezi, mwachangu, zikuyang'ana kwina. Panali masiku amene mawu a Chichewa ochokera pakamwa pa munthu wamkulu ndinkangomva awiri okha, "Tapita, amayi." M'nyengo yozizira dzuwa linkalowa ana asanaweruke, ndipo ndinkaima pawindo la nyumba zogundizana zija kuyang'ana khoma la anthu ena.

Theka la chaka litatha ndinapinda zovala zanga. Yamikani anati ndidikire pang'ono, akukonza mapepala. Tadala anati mwana akadali wakhanda. Pasipoti yanga inali m'kabati ya Yamikani, kuopa kuti ndingaitaye. Chaka chinatha, china chinatha. Ndikafunsa za mapepala ankati loya akuona. Pambuyo pake anandilangiza kuti wina akagogoda ndisamatsegule, ndipo ndikadwala ndizinena kwa Tadala, osati kuchipatala. Apo ndinadziwa kuti loyayo kulibe.

Chimene chinkandisunga ndi foni ya Lamulungu masana. A Mbewe sanali munthu wa mawu ambiri. Ankandiuza kuti mango abereka, kuti asoka mayunifolomu a sukulu, kuti wakuti wamwalira. Pomaliza ankati, "Nanga tikuonani liti, Anabanda?" Ine ndinkati, "Posachedwa." Iwo ankati, "Chabwino, ana ndi athu tonse."

Kenako Lamulungu lina foni yawo anayankha alongo anga a Sandalamu. Anati alamu apita kudimba. Sabata yotsatira anati agona. Kenako anati makutu awavuta, samva bwino pafoni, koma akupereka moni. Nditaumiriza anavomera kuti anadwalako pang'ono, mwendo ndi mkono, koma akupeza bwino. Ndinauza ana anga onse awiri kuti ndikufuna kupita. Aliyense payekha anandiyankha mawu ofanana, akuti atsibweni awo akuwasamala bwino bambo, ndipo ndalama za mankhwala zikupita. Kufanana kwa mayankhowo sikunandidabwitse nthawi imeneyo.

M'masiku omwewo munachitika chinthu chimene ndinachiyesa yankho la mapemphero anga. Tsiku lina la mvula, titafika pa sevisi, Yamikani ananyamula chikwama changa n'kukwera nane mlatho. Kutsidya anandilowetsa m'galimoto ya Tadala n'kutseka chitseko, ndipo awiriwo anaima panja pa ambulera imodzi akuyankhulana motsitsa mawu kwa nthawi yaitali. Ndinawaona kudzera pagalasi lonyowa. Tadala anapukuta misozi, mlongo wake n'kumugwira paphewa. Ine m'galimotomo ndinaimba nyimbo ya chiyamiko chamumtima. Ndinaganiza kuti ngati zaka zanga zozizidwa zagula mtendere wa ana anga, ndiye sizinapite pachabe.

Lero ndikamakumbukira nyimbo imeneyo ndimalavula.

Chaka chija eni dziko ankavota zochoka m'gulu la maiko anzawo, mazenera atadzaza zikwangwani, a Martin anasowa pakakhoma pawo. Nditabwera kuchokera ku Bolton ndinapeza chibini chachikulu chachitsulo pakhomo pawo, muli matiresi, mipando ndi nsapato zawo za ntchito. Ndinamva kuti anamwalira, koma palibe amene anadziwa kundiuza kumene anaikidwa. Lamulungu lotsatira tinapita kumapemphero a Amalawi ku Bradford. Titatuluka, mayi wina wa ku Dedza amene anali atangobwera kutchuthi anandigwira dzanja. Anati, "Amayi, pepani ndi matenda a abambo. Ndinawaona pa Linthipe, awabweretsa kuchipatala pangolo. Komatu achemwali awo aja akuyesetsa, chaka chonsechi okhaokha." Ndinamuthokoza mwaulemu. Ndinamufunsanso za ulendo wake ndi za mvula ya kumudzi. Sindinafune kuti mlendo adziwe kuti mkazi wa munthu akumva kwa iye kumene mwamuna wake ali.

Kunyumba ndinapitiriza ntchito zanga monga mwa masiku onse. Ndinadikira tsiku londipatsirana. Yamikani atanditsitsa ndinakwera masitepe, ndinafika pakati pa mlatho, ndinaika chikwama pansi. Posakhalitsa kafoni kanga kanalira.

"Amayi, muli pati? Ndili ndi shifiti madzulo ano," anatero Tadala.

"Ndili pamlatho. Muimbire mlongo wako abwerere, mukwere nonse awiri."

"Amayi, kukuzizira, tsikani tikambirane m'galimoto."

"Ndazizidwa zaka zinayi. Kwerani."

Anabwera, wina kuchokera uku, wina kuchokera uko. Ndinawafunsa kuti bambo awo ali kuti. Yamikani anati ali kumudzi. Ndinati, "Mudzi uti?" Anayang'anana monga anayang'anirana pa ambulera paja, ndipo ndinamvetsa chimene anagwirizana tsiku lija.

Tadala anayamba kulira. "Tinkaopa bipi yanu, amayi. Atsibweni anati bambo akadwalire kwawo, ife tikanatani tili kuno?"

"Mukanandiuza."

"Ndalama timatumiza, sitinalumpheko mwezi," anatero Yamikani.

"Ndalama imatembenuza munthu pamphasa? Ndikufuna pasipoti yanga ndi tikiti."

Apo mwana wanga wamwamuna anasintha nkhope. Anayankhula pang'onopang'ono ngati akufotokozera munthu wosaphunzira. "Tamvetsani, amayi. Viza yanu inatha kalekale. Mukatuluka muno sakulolaninso kulowa. Zidzukulu zanuzi mudzaziona zitamera ndevu. Ndipo mukapita mukachitako chiyani? Munthuyo sayenda, sayankhula zomveka, mwina sakudziwaninso. Amoyo ndife, amayi."

"Ine ana ndiwasiyire ndani?" anatero Tadala. "Mukufuna ndisiye ntchito? Mukudziwa mmene ndinavutikira kuti ndifike pano?"

Pansi, pafupi ndi pogulitsira tiyi, panaima galimoto ya apolisi. Ndinailoza. Ndinati, "Chingerezi ndinaphunzira inu musanabadwe. Ndikupita kukawauza anthu awo kuti ndakhala muno zaka popanda mapepala, ndikugwira ntchito m'nyumba zitatu. Mayina ndiwapatsa, manambala a nyumba ndiwapatsa, ndi kumene aliyense wa inu amagwira ntchito."

"Mungachite zimenezo kwa ana anu?" anafunsa Yamikani.

Ndinanyamula chikwama n'kuyamba kutsika. Sindinkawaopseza chabe. Ndikanawauza ndithu, ndipo iwo anaona zimenezo pamsana panga. Anandigwira ndili pafupi kuponda pansi.

Tikiti inagulidwa sabata yomweyo. Tadala sanabwere kudzanditsanzika, anati ali pantchito. Yamikani anandiperekeza ku London pamsewu womwe uja, Sheffield, Nottingham, Leicester, Luton, wailesi ili yotsegula kuti pasakhale poyankhulira. Pabwalo la ndege anandipatsa pasipoti nati, "Mwasankha nokha." Akuluakulu a pachipata anandifunsa mafunso ambiri, analemba zimene analemba, n'kundilola kudutsa. Munthu wochoka samuvutitsa kwambiri.

Ukatuluka pabwalo la ndege la ku Lilongwe n'kufika pamsewu waukulu, Mponela ili kumpoto, Linthipe ili kum'mwera. Mtima unkandikokera kum'mwera. Koma ndinaleredwa kuti munthu wochokera kutali amayamba waonekera kwa mwini mbumba, ndipo ndinaopa kuti angadzati ndalowa m'mudzi wa eni abale anga asanandione. Ndinakwera minibasi ya kumpoto.

Pakhonde panga ndinapeza makina a a Mbewe akulira. Wosokayo anali mnyamata wina amene anakwatira mwana wa mng'ono wanga, mkamwini watsopano, ndipo banja lawo ndilo linkakhala m'nyumbamo. Anaimirira, anandilandira chikwama ndi manja awiri, mwana waulemu ndithu. A Sandalamu anabwera osathamanga. Anandipatsa moni wonse, anafunsa za ana ndi za ulendo, kenako anayankha funso limene ndinali ndisanafunse.

"Alongo, musatione ngati anthu oipa. Alamu anagwa ndi sitiroko, mbali imodzi yonse inafa. Munthu ankadziipitsira pamphasa. Womupukuta akanakhala ndani? Mwana wa mng'ono wanu aone umaliseche wa bambo ake aakulu? Kapena ine ndisambitse mlamu wanga? Mwamuna amasambitsidwa ndi mkazi wake, apo ayi ndi abale ake. Ndipo akanatisiya pano inu kulibe, a ku Linthipe tikanawayankha chiyani?"

"Iwo anavomera kupita?"

"Poyamba ankakana, ankagwira mwendo wa makina ndi dzanja lamoyolo. Ndiye tinawauza kuti mawu achokera kwa inu, kuti mwati akadwalire kwawo. Atamva zimenezo anasiya okha."

"Ine sindinanenepo mawu amenewo."

"Tikudziwa, alongo. Tinangofuna kuti anyamuke mtima uli pansi."

Anayankhula zonsezi mofatsa, akundiyang'ana m'maso, ndipo amayi a pamudzi amene anakhala pamphasa ankavomereza ndi mitu. Amenewa ndi anthu amene a Mbewe anawasokera zovala za ukwati, anawakumbira manda a ana awo, ndipo iwowo ankamwa madzi a pachitsime chimene a Mbewe anakumba. Palibe amene ankaona kuti panalakwika kanthu. Ndinamva kuti anawakweza pamatola masana, anthu akuona, ndi bulangeti ndi kachikwama ka zovala, ndipo mnyamata amene anawaperekeza anakawatsitsa m'mbali mwa msewu pa Linthipe, pomwe abale awo anadzawatenga pangolo.

M'mawa mwake ndinapita ku Linthipe. Mlongo wawo wa a Mbewe, alamu anga a Nambewe, anandiona ndikulowa pabwalo, koma sanadzuke pamene ankasenda chinangwa. Anaitana mwana nati, "Tabweretsa mpando, kwabwera azungu, sakhala pamphasa." Ndinagwada pansi pomwepo n'kupereka moni. Anati, "Tamva kuti munatera dzulo. Munayamba kaye kwanu eti? Mwachita bwino, munthu amayamba ndi abale ake." Ndinatchula za ndalama zimene ana ankatumiza. Anaseka osatsegula pakamwa. "Zimenezo mukafunse ku Mponela. Kuno kunangofika munthu."

A Mbewe anali kuseri kwa nyumba, atawagoneka padzuwa. Munthu wamtali uja anali atatha, dzanja lamanja litapindikira pachifuwa ngati phiko. Ndinagwada pambali pawo ndinati, "Ndabwera, a Mbewe." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Yamikani ananama, amuna anga ankandidziwa bwinobwino. Mawu ankatuluka movutikira, mbali imodzi ya pakamwa.

"Mwanenepa," anatero.

Ndinawauza kuti mawu aja sanachokere kwa ine, kuti sindinadziwe, kuti ndinkaimba foni sabata iliyonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa, "Ana ankadziwa?" Ndinalingalira zonama, koma anali atanamizidwa kokwanira. Ndinati ankadziwa. Anatseka maso. Ndinati, "Ndipeza galimoto, tibwerere kunyumba kwanu, ndikakusamalireni komweko." Anapukusa mutu pamphasapo. "Ndinatuluka masana," anatero. "Sindilowanso."

A Nambewe anabwera ndi beseni, nsanza ndi kachidutswa ka sopo, n'kuziika patsogolo panga. "Ntchito imene mumagwirira ana a eni kunjako, igwireni pano. Ine msana watha." Nditawatembenuza ndinapeza zilonda m'chiuno ndi pamapewa. Sindikuwaimba mlandu alamu anga. Anali mayi wokalamba kuposa ine, wamasiye, ndipo anachita chimene mudzi wanga wonse unakana.

Ndinakhala ku Linthipe kuyambira tsiku limenelo, ndikugona pamphasa pafupi ndi amuna anga, ndikutunga madzi ndi kusesa ngati mtengwa wongofika kumene, ndili ndi imvi. Alamu anga ankandituma ndipo ndinkapita. Zilonda zinapola. A Mbewe ankalandira phala m'manja mwanga, ankalola kuti ndiwamete ndevu, nthawi zina ankandiuza kuti ndawathina ndi bulangeti. Koma dzina lija Anabanda sanalitchulenso. Ana akaimba foni ndikaiyandikiza kukhutu kwawo, ankatembenuzira nkhope kukhoma. Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo ndikanakonda akanatero.

Anatisiya mvula yoyamba itangogwa. Yamikani ndi Tadala anatumiza ndalama za bokosi labwino kwambiri, limene anthu a kumeneko amalikumbukirabe, koma okha sanabwere, anati tchuthi chinawavuta. A Sandalamu anabwera ndi gulu la kwathu, atanyamula ufa ndi nkhuni, ndipo pamanda anayankhula m'malo mwa akuchikazi. Anati mudzi wathu wataya mzati, anati a Mbewe sanali mkamwini koma mwana wa pakhomo. Anthu ambiri analira ndi mawu amenewo.

Ndinkaganiza kuti ndikhala konko, pafupi ndi manda awo. Koma tsiku la kumeta litadutsa, akuluakulu a kwa a Mbewe anandiitana pabwalo. Anandithokoza chifukwa cha miyezi imene ndinadwazika m'bale wawo. Kenako anati ukwati watha ndi imfa, alibe nane mangawa, ndine womasuka kubwerera kwa abale anga. Anandisudzula mwaulemu wonse, ndipo a Nambewe anandiperekeza okha mpaka pamsewu. Basi ikubwera anandigwira dzanja koyamba nati, "Mukanayamba kuno tsiku lija, mlamu." Sanamalize, ndipo ine sindinafunse.

Tsopano ndimakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba imene a Mbewe anamanga. Zipinda zinazo ndinawasiyira mwana wa mng'ono wanga ndi mwamuna wake, chifukwa kuwatulutsa kukanabweretsa mlandu pa mbumba. Tadala amatumiza zithunzi za ana, Yamikani amaimba pa Khirisimasi. Ndamva kuti awiriwo amayenderana masiku ano, ndipo anapeza mtsikana wina wa ku Zambia wowalerera ana.

Ndinkayesa kuti nkhanza ndinaziona kunja, kwa ana amene dziko la eni linawaumitsa mtima. Koma ana anga sanaphunzire zimenezo ku Leeds kapena ku Bolton. Anachoka nazo kuno, kumene munthu amayezedwa ndi ntchito ya manja ake, ndipo manjawo akafa amakumbutsidwa kwawo, mofatsa, ndi mawu aulemu.

Alongo anga amadutsa pakhomo pano m'mawa uliwonse popita kumunda. Amati, "Mwadzuka bwanji, alongo?" Ine ndimawomba m'manja n'kuyankha kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu." Sindinawafunsepo za ndalama zija, sindinawakwezerepo mawu. Ndine nkhalamba, ndipo ndikadzagwa pamphasa wolamula amene adzanditembenuze ndi iwowo. Manda anga adzakumbidwa kuno, kutali ndi a Mbewe, ndipo woimirira kuuza anthu kuti ndinali munthu wotani adzakhala a Sandalamu. Adzayankhula bwino. Ndinawamva kale.